Chikombole

Magetsi athimanso pa Chitakale.
Laputopu ndi ya Mwandida, ndabwereka,
batire la ola limodzi, malipiro ake chinangwa chophika.

A Namakhwa anati masana:
kalasi si chipinda chino ayi,
kalasi ndi chikombole,
obujekiti ndiye njerwa.
Chikombole sumangira nyumba,
koma popanda icho uli ndi matope basi.
Tinaseka, poti manja awo sanapondepo dothi.

Ndiye ndikusema changa.
Kalasi Wothyola:
dzina, nambala ya tikiti, makilo a lero,
ndi zochita ziwiri, thyola, yezetsa.
Ndaponyamo dothi loyamba,
Esinati, 4417, makilo makumi anayi ndi awiri.
Mayi atuluka pasikirini osanyowa,
opanda pulasitiki ya m'chiuno,
opanda zala zija zong'aluka ndi tiyi.
Kenako a Nasiyaya, kenako Filipo wa njinga yopanda mabuleki.
Chikombole chimodzi, anthu atatu,
aliyense ndi makilo ake.

Enamu ndiye yandiima pakhosi.
Mndandanda wotseka, anatero,
ngati masiku a sabata, sungasokerepo lina.
Ndakopera za m'kaundula wa kapitawo:
WABWERA, WADWALA, WAJOMBA,
zilembo zazikulu, ngati munthu akukalipa.

Nanga Lachiwiri lija
Lichenya atadzaza, ulalo utapita,
mayi ataima kutsidya, dengu kumsana,
mpaka dzuwa kupendeka,
munda akuuona uwo?
Ndalemba WAIMA_KUTSIDYA.
Mzere wofiira.
Kompayila yati mawu amenewa siwadziwa.
Kapitawo naye anatero,
tsikulo anadula.

Ndakhala duu.
Chiperoni chatsika m'phiri, chikulowera pansi pa chitseko,
udzudzu wapeza kuwala kwanga.
Mpaka ndaona:
mndandandawu anautseka ndani?
Ndine, dzana, ndi zala zomwezi.
Ndakwera mizere isanu ndi umodzi,
ndaika koma,
ndawonjezera lachinayi.
Kufiira kwachoka, popanda kupepesa, popanda kufunsa kalata ya kuchipatala.

Batire latsala pang'ono.
Ngongole ya kugolosale ndaiika pulayiveti,
wakunja asaione,
aifunse kudzera pakhomo ngati mlendo.

Kuchipinda mayi atsokomola.
Sukugona kodi? Mawa ndilawira.
Ndikusunga kaye, ndawayankha,
ndi inu nomwe ndikusunga.
Sanamve, atembenuka.
Ndadina.
Mzere wa makumi atatu ndi umodzi,
ndaiwala semikoloni.