Tsamba 43

Mvula ya Epulo inandithamangitsira pakhonde la sitolo
pomwe Fwasani amayala mabuku pa saka,
kuseri kwa depoti, pakati pa malamba ndi machaja a foni.
Atatu anali a mzungu mmodzi, wandevu ngati mopu,
amene anafa agogo a agogo anga asanaonepo machesi.
Lina lonenepa ngati njerwa yootcha,
lina lopyapyala, lina lopanda chikuto, lonunkha nkhungu.
Ndiyambe liti? ndinafunsa.
Lalikululo, bwana, anatero Fwasani, ndi faifi sauzande.

A Chavula anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu
mpaka choko chinawakhala m'chifuwa.
Ndinawapeza ku Katawa akusenda mbatatesi.
Anapukuta manja kawiri asanagwire bukulo.
Munthu uyu, anatero, njala ankaidziwa.
Ankadziwa kununkha kwa ofesi ya munthu amene uli naye ngongole,
ndi mmene kalaliki amakuyang'anira pamwamba pa magalasi
fayilo yako itasowa chaka chachisanu.
Za penshoni yanga ndinaziwerenga m'menemu
ndisanapume n'komwe ntchito.
Yamba ndi laling'onoli. Usathamange,
si minibasi ya ku Ekwendeni iyi.

Mlamu wanga Lusubilo, namwino wa ku Central,
anaseka mpaka kutsamwa tiyi.
Ameneyo? Anandizunza ku Fomu 3.
Chiganizo chimodzi chimanyamuka ku Luwinga,
kufika pa Katoto chisanapeze mneni.
Nanga akazi ake! Oyera ngati thonje la m'botolo,
kungokomoka, kungokhululuka, kungofa mwaulemu.
Ine akazi ndawaona akufa. Satero ayi.
Misozi yonse ija analirira ana a m'mafakitale a kwawo,
ife anatisungirako dontho?
Inki yake ndi yomwe ija anzake ankalembera mizere pa mapu
kudutsa m'minda ya eni.
Anapukusa kapu, n'kukhala duu.
Koma muli kankhalamba kena koumira, anatero,
ndikaona landilodi wathu ku Chibavi ndimangokakumbukira.
Ukamaliza undibwereke.

Usiku magetsi anazima ku Mchengautuwa konse.
Nkhungu inatsika kuchokera ku Kaning'ina,
kumeza mpanda, kumeza nthochi za aneba,
kusiya mawu a galu opanda galu.
Ndinavala majuzi awiri, tochi ya foni kukamwa.
Lonenepa lija ndinatchingira chitseko chimene chimadzitsegukira.
Lopyapyala linandiyang'ana ngati homuweki.
Ndinatenga lopanda chikuto.

Likuyambira pa tsamba 43.
Enawo mwina anakulungira tchipisi pa chiwaya,
mwina chiswe, mwina fodya wa mlonda wina.
Munthu waima pakhomo, mvula ikumukhapa,
chipewa m'manja, akuopa kugogoda.
Sindikudziwa dzina lake, kapena chimene analakwa.
Zili ngati kukwera basi mkangano uli pakati:
umayamba wamvetsera,
pofika pa rodibuloko wasankha kale mbali.

M'mphepete mwa tsamba wina anandiyambira kale ndi pensulo.
Apa analemba: bodza.
Apa: atate enieni.
Patsogolo pang'ono, mzere wokanda mpaka kuboola pepala,
ndi nambala ya foni yopereweza manambala awiri.
Masamba asanu ndi anayi akulongosola chipinda chimodzi,
makatani, wotchi, fumbi la pa wotchiyo,
ndinatukwana mokweza, mwana n'kutembenuka pa mphasa.
Kenaka mzere umodzi, waufupi,
wa mayi akuwerenga makobidi kachitatu
ngati angaswane m'dzanja,
unandikhazika pansi pomwe ndinali kale pansi.

Sindinamukhululukire. Sindinamusiye.
Batire inafa pa tsamba 71,
munthu uja atalowa, asanapatsidwe mpando.
Mawa Lusubilo akandifunsa ndidzati n'zotopetsa,
a Chavula ndidzawauza kuti ndinayamba ndi laling'ono.
Kunja kabaza woyamba akuliza belu mu nkhungu
ndipo ine ndikufufuza chaja mumdima
ngati kuti magetsi abwera.