Woimba Chitsulo

Lolemba m'mamawa, chifunga cha Domwe chisanayalule mphasa yake,
ndinamenya chitsulo chathu,
limu la thirakitala lopachikidwa pa mbawa,
ana nkutuluka m'mizere ya kachewere,
tsache m'khwapa, kadeno m'jumbo ya shuga,
milomo mbuu ngati apsompsona choko.

Mlungu uno tasesa mpaka nyerere zasowa njira.
A diretolo alamula laimu pa mwala uliwonse,
bata la aphunzitsi lachapidwa kawiri.
Ati akubwera akale athu,
amene anadziwira zilembo pansi pa denga lodonthali.

Masiku onse kuno sikuchitika zambiri.
Chipwitikizi chimalowa m'kalasi chitavala nsapato,
Chichewa chimadikira pa zenera, chikutafuna nzimbe.
Tsiku la msika kumalire mabenchi amapuma,
ndipo mwana amene samu imamuliza pa bolodi
amasintha makwacha kukhala metikali
msanga kuposa kuphethira kwa diso.

Lachiwiri shapa yatsitsa Jenoveva Kamtedza,
namwino wa ku Beira, nsapato zogogoda.
Wafunsa ngati chimbudzi chidakali kuseri kwa nsungwi.
Chidakali.
Waseka mpaka kugwira bondo.

Lachitatu Kusitodiyo wa ku malasha a Moatize,
chifuwa chikulira ngati chitseko chosadzozedwa,
wabwera ndi mipira iwiri yachikopa.
Ana aisisita, ainunkhiza, aimenya pang'ono,
kenaka abwerera ku wawo wansanza.
Ati watsopanowo ukuthamanga kuposa iwo.

Lachinayi mvula yopanda nyengo.
Alendo akhala mothithikana pa mabenchi a kalasi yachitatu,
mawondo ofika m'zibwano,
kufunafuna maina amene anazokota ndi msomali.
Wina wapeza lake.
Wina wapeza la mtsikana amene sanamuuze kanthu,
wavundikirapo chipewa.

Lachisanu abwera nawo pa njinga aphunzitsi Ambulozio,
maso atachita mkaka,
kaundula wakale ali pa chifuwa, wosatsegula.
Safuna pepala iwo, maina anawameza kalekale.

Jenoveva Kamtedza!
Pulezenti!
Kusitodiyo Ziyaya!
Pulezenti, ndi chifuwa chomwe.
Felizimina Njolinjo!
Zii.
Wina kumbuyo: ali ku Joni, salemba.
Donasiyano Kachere!
Zii wina, wotalikirapo.
Tonse tikudziwa mtengo umene wagona pansi pake.

Ine ndinali panja pa malo anga,
bawuti lomenyera lili m'manja,
kuwerenga mthunzi wa mbawa ngati wotchi.
Ndinasiya m'kalasi yachinayi,
chaka chimene ng'ombe za bambo zinafuna mnyamata
ndipo kunyumba mnyamata ndinali ine ndekha.
M'kaundulamo, ndikudziwa, dzina langa lili ndi mchira wautali:
falita, falita, falita,
mpaka tsamba linatha.

Ndiye ndinamva, kudzera pa zenera losweka lija:
Selesitino Mgawadere!

Pakhosi panauma gwa.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndadzutsa sukulu ino osajomba,
pa malungo, pa maliro, pa tsiku limene mkazi wanga anachira,
koma liwu limodzi lokhalo
linakana kukwera.

Selesitino Mgawadere!

Dzanja ndi limene linayankha.
Ngwee!
Nthawi isanakwane, dzuwa lisanafike pa mwala wachitatu.
Ana anataya mpira, liwiro kukafola,
ndipo m'kalasi muja imvi zinadzuka dzambatu,
namwino, wa malasha, wa kasitomu,
manja m'mbali, zifuwa patsogolo,
osadziwa chimene aimirira.

Aphunzitsi Ambulozio anapendeketsa khutu.
Ameneyo, anati, mulembeni kuti wafika.
Wachedwa, koma wafika.

Loweruka fumbi la shapa lawameza mmodzimmodzi.
Atisiyira malata asanu ndi atatu, mipira iwiri,
ndi lonjezo la mjigo.
Laimu wayamba kale kusuluka pa miyala.

Mawa lake la mawa ndi Lolemba.
Bawuti ndagona nalo kumutu.