Thambo Landifulasha

Itatsala pang'ono kukwana 3 koloko ya usiku,
nkhungu itameza Luwinga yense
moti a Zgambo, mlonda wathu, sakuona nsonga ya chibonga chawo,
foni yanjenjemera pa tebulo la mu labu.
Setilaiti yaona kanthu.

Ndatsegula kompyuta ndi zala zouma ndi chisanu.
Mzere unangogona, phee,
ngati msewu wa ku Ekwendeni pakati pa usiku,
kenaka njo! kamodzi kokha,
n'kugweranso pomwe unali.

Theka la sekondi, losakwana n'komwe.
Kuyetsemula kumachedwa kuposa apa.

Nyenyezi ziwiri zomwe zinafa kale,
zolemera moti supuni imodzi ingapepule phiri la Kaning'ina,
zinavina mozungulirana zaka zosawerengeka
mpaka kugundana mitu.
Cheza chake cha gama chinanyamuka
kusanakhale Viphya, Lunyangwa asanaphunzire kuyenda,
kusanakhale khutu lomva dzina.
Chafika lero, Lachitatu, magetsi atangoyaka kumene.

Ntchito yanga ndi yochepa:
kupeta phokoso ngati madeya,
kuwerenga timadontho ta kuwala totsala m'lichero,
kulemba kuti chinayamba apa, chinathera apa,
n'kuvomera m'munsi mwa tsamba kuti mwina ndaphonya pang'ono.

Vyalema, mlongo wanga, anali katswiri wofulasha.
Foni kulira kamodzi, ngrii, basi,
iye ali pa kabaza ku Chibavi, mayunitsi alibe.
Tanthauzo lake tinkalidziwa tonse: ndilipo, imba ndiwe.
Lachisanu lija dzina lake linathwanima ndili m'kalasi,
ndinati ndiimba ndikatuluka.
Lole ya matabwa yochokera ku Chikangawa
sinadikire kuti belu lilire.

Foni inasunga tsiku, inasunga ola.
Sinalembe kuti inalira nthawi yotalika bwanji.
Chaka chachinayi chino ndikuyezabe,
ndipo yankho silifanana usiku ndi usiku.

A Zgambo agogoda pa windo, kapu ya tiyi ikufuka nthunzi.
Mwapeza chiyani, asisi, kuti musagone?
Wina wafulasha, ndawayankha.
Ndiye muimbireni, atero, akuphimba makutu ndi chipewa.

Ndayang'ana kunja. Kulibe nyenyezi ndi imodzi yomwe,
mvula yowaza yokha pa malata.
Ndakoka mpando, ndayika kachizindikiro
pomwe mzere unayamba kukwera,
ndipo dzanja lazengereza
kuyika china pomwe unathera.