Liwu la pa Khadi

Sisita Namasasu amati mawu ndi jakisoni,
ukalemba olakwika wabaya pena.
Ine, sabata yachitatu m'chipinda cha angozi,
cholembera kukhutu, ndinkangoti inde.

Naini koloko. Mnyamata wa kabaza wa ku Kawale,
chikhatho chong'ambika atachikulunga m'malaya.
Ataona singano milomo inachita mbuu,
bondo likugunda benchi ngati makina a telala.
Sisita anati, ichi ndi chinthenthe, mwana iwe.
Chili ndi mwini wake, ungachiloze ndi chala:
singano iyi, magazi awo, fungo la sipiriti.
Tinamusoka, anamwa madzi,
pofika pakhomo akufunsa kale za njinga yake.
Chinthenthe ndi mnzako wa m'minibasi,
akafika pa siteji yake amatsika.

Mayi Nagama anabwera okha cha m'ma leveni,
kachitatu mwezi uno, buku lawo lodzaza zidindo.
Amagulitsa kaunjika ku Tsoka.
Akuti chifuwa chamangidwa ndi linya,
zala zachita dzanzi, mpweya sukufika pansi,
"Adokotala, lero lokha ndikupita."
Bipi ili bwino. Shuga ali bwino.
Pepala la mtima latuluka ndi timapiri take tolongosoka.
Ndinafunsa, mukuopa chiyani mayi?
Anayang'ana kudenga: ndikanachidziwa bwenzi nditachithawa.
Sisita sanaseke. Anakoka mpando,
nawerenga nawo mpweya, kulowa, kusunga, kutuluka,
kenako kwa ine, chapansipansi: iyi ndiye nkhawa.
Sidikira singano. Imagona nawe, imadzuka iwe usanadzuke,
imadya tulo miyezi, nkhope ilibe.
Ndi matenda, usamati akunamizira.
Tinawalembera tsiku lokaonana ndi aphungu.

Apa ndinadziona ngati ndakhwima.

Thuu koloko, bambo Chimphepo,
anagwa pa lole ya njerwa ku Njewa dzuwa likupendeka.
Bala palibe, fumbi lokha m'tsitsi.
Sakukhazikika, adzuka, akhala, ataya bulangete,
apempha madzi, akuti tsegulani mawindo.
Ndinalemba msanga, ndi zilembo zokongola: nkhawa.
Sisita anawerenga, sanandiyang'ane,
anangotenga dzanja la bamboyo naliika m'langa.
Lozizira, lonyowa ngati chule.
Mtsempha ukuthamanga, koma wowonda ngati ulusi.
Anatsitsa chikope: mbee!
Mimba gwaa ngati thabwa.
"Machira! Madilipi awiri! Imbani ku fiyeta!"
Magazi ankatayikira m'kati, kumene diso silifika,
ndipo thupi linkakuwa m'chinenero chokhacho limadziwa.

Matayala a machira atasiya kulira m'khonde
anatola khadi lija, nakhwatcha liwu langa kamodzi.
Ili, anati, limalembedwa pomaliza,
utafunsa magazi, utafunsa mpweya, utafunsa shuga,
onsewo atakana.

Kukucha tsopano.
Kumsewu makondakitala ayamba kuitanira za m'tauni.
Akuti a Chimphepo atuluka, akupuma,
kapamba yekha watsala m'beseni.
Ndakhala pa sitepe, tiyi m'manja,
kapu ikugunda mano.
Chondinjenjemeretsa ndikuchidziwa,
ndingachiloze: khadi lija, inki yanga.
Ndiye kuti ndi chinthenthe, chitsika pa siteji yake,
mwina pa mlatho, mwina pa depoti.

Koma ndikakafika ku Biwi, ndikakatseka chitseko,
ndikakachipeza chakhala kale pabedi, nsapato chitavula,
mawa, mkuja, mwezi wa mawa,
ndidzagula buku langa pageti,
ndidzakhala pa benchi lomwelo pakati pa anthu,
ndipo Sisita, atandiyeza zonse,
adzakoke mpando.