Wa Fodya Anasintha Chipewa

Zaka makumi awiri ndi zitatu
ndinaima pachipata cha Zobwe,
chidindo kumanja, tochi kumanzere,
diso pachithunzi, diso pankhope,
diso pachithunzi kachiwiri.
Ndinkati ntchentche yokha ndiyo ingandidutse.

Lero ndagona chagada,
chifuwa chikulira ngati lole ya malasha
yochokera ku Moatize itapeza chitunda.
Khadi la katemera lili pansi pa pilo,
madeti awiri, inki yofiirira.

Eufemiya atabwera kuchokera kuchipatala
sindinadikire kuti avule nsapato zake zoyera.
Jakisoni ziwiri zija, mwana wanga,
munandibaya madzi a pachitsime?

Anakhala pakhomo, nsalu ili kukamwa.
Bambo, paja munandiuza za wa fodya uja.
Kawiri munam'gwira ndi chipewa chofiira.
Kachitatu anameta ndevu,
navala chisoti cha njinga yamoto,
inu munam'patsa moni n'kukweza mtengo.

Ndinatsokomola, osayankha.

Katemera, akutero, anapereka chithunzi kwa alonda anu.
Maantibodi ndiwo alondawo.
Amagwira kachilombo paminga yake
kasanatsegule chitseko cha selo.
Koma kano kabwera ndi minga yopindika mwina.
Ena akugwira ndithu,
ena dzanja likuterereka ngati pa mlamba,
ndiponso miyezi ikamapita
pachipata pamatsala ochepa.

Basi ndatha, ndinatero.

Dikirani. Wa fodya uja anagwidwa ndi yani?

Kalisito Nthambala!
Kamunthu kosakonda yunifolomu,
kosaima pachipata n'komwe.
Kankangoyenda mumsika pakati pa matumba a kachewere,
kakudya chimanga chootcha,
mpaka kanaona phazi lamanzere likukoka fumbi,
chala chachikulu chopanda chikhadabo.
Chisoti chinalibenso ntchito.

Ndiwo maselo a T amenewo, bambo.
Mlendo akalowa, iwo amayenda khomo ndi khomo.
Nyumba imene wabisalamo
imakoleka kachidutswa kake pazenera,
iwo n'kukazindikira,
n'kugwetsa nyumbayo moto usanalumphe mpanda.
Saloweza chizindikiro chimodzi, amasunga zambiri.
Kachilombo kangasinthe chipewa m'mawa,
koma sikangasinthe mayendedwe onse tsiku limodzi.

Ndinakhala chete.
Ndinaona Zefelino, mnzanga wa bawo,
chaka chija katemera asanatipeze kuno,
akukwezedwa m'galimoto usiku,
kuoloka mlatho wa Zambezi
kukapuma mpweya wa m'botolo ku Tete.
Mbali yake ya bawo
mpaka lero muli masamba a mango.

Ine lero ndi tsiku lachinayi.
Thukuta lanyowetsa malaya awiri,
mawu asasa ngati a tambala wokalamba,
koma ndikupuma ndekha,
ndayenda ndekha mpaka kuseri,
ndipo m'mawa uno mphuno yanga
yamva anyezi wa kwa aneba akupserera.

Mukachira, akutero Eufemiya,
padzakhala jakisoni yachitatu.
Alonda amafuna kukumbutsidwa.

Ndinadandaula za phewa, mwamwambo chabe.

Usiku malole akufola kulowera ku Mwanza,
mabuleki akufuula, wina akuombera chidindo.
Ndaika dzanja pachifuwa
kumvetsera msika wa m'kati mwangamu,
mmene kamunthu kopanda yunifolomu
kakuyendabe pang'onopang'ono,
kakuyang'ana mapazi.