Ndime Yachitatu

Tikiti ndinagula ndekha, Mtisunge,
mapaundi makumi atatu,
thukuta la maola atatu otembenuza nkhalamba pabedi.
Ndinakwera sitima pa Wolverhampton mvula ikuwaza,
n'kutsika ku Birmingham jekete litanyowa m'mapewa,
kudzakuona utaima pakati pa utsi ndi magetsi abuluu.

Mawu ako akadali omwe aja
ankanjenjemeretsa mawindo a holo ya pasukulu
yomwe timachita lendi Lamlungu masana,
titakankhira kukhoma zigoli za ana,
iwe uli ndi zaka khumi ndi zitatu,
ine ndikukumenyera kiyibodi ya makiyi awiri akufa.

Koma nyimbo ija tinalembera m'khitchini mwa mayi ako
inafika itametedwa.
Pomwe tinati mwazi, unati chikondi.
Pomwe tinati tchimo langa, unati mabala anga.
Pomwe tinamutchula dzina, unangoti Iwe,
ndipo mnyamata wa patsogolo panga
anayimba nawe akuyang'ana bwenzi lake m'maso,
osalakwa konse,
poti Iwe ndi chipewa chokwana mutu uliwonse.
Ndime yachitatu ndinaidikira ngati basi ya usiku.
Ng'oma zinazungulira kawiri, n'kubwerera kukolasi.

Zitatha, pakhomo la kuseri, pafupi ndi mabini,
unandikumbatira n'kuyankha ndisanafunse:
"Ankolo, a wailesi akuti mtanda umathawitsa anthu.
Ndiwalowetse kaye m'nyumba, chakudya chibwera."
Ndinafuna kudziwa kuti chibwera liti,
nanga akuphika ndani,
koma anakuyitana kuti ukajambulitse.

M'sitima yobwerera ndinakuzenga mlandu masiteshoni atatu,
woweruza ine, mboni ine ndemwe.
Kenako ndinakumbukira bambo Pritchard, chipinda nambala naini.
Lachiwiri lija mpweya wawo unayamba kudukiza,
ana awo akadali pamsewu kuchokera ku Cardiff.
Ndinawagwira dzanja, magolovesi ali m'manja,
ndipo nyimbo yomweyo inakwera pakhosi panga.
Koma manijala anatiuza kale pamsonkhano
kuti chipembedzo tizisiya m'loka pamodzi ndi foni,
ndipo viza yanga inamangidwa pa dzina la nyumba imeneyo.
Ndiye ndinangoyimba cham'mphuno, milomo itatsekeka,
ndime yachitatu yonse,
yopanda mwazi, yopanda dzina, yopanda liwu ndi limodzi lomwe.
Anapita folo koloko m'mawa.
Ndinalemba nthawiyo m'fayilo, n'kukatsuka makapu.

Choncho sindikukulembera manja ali oyera.
Tonse awiri dzina lija taliyika pasikelo,
mbali inayo kuli lendi, mapepala,
ndi mauthenga a kumudzi ofunsa za fizi.
Ndipo kuno kulibe tambala.
Kumacha ndi alamu ya pafoni ndi galimoto yotola zinyalala,
palibe cholira kawiri kuti munthu atuluke panja akalire.

Nthawi zina ndimati zathu n'zosiyana:
ine ndinameza mawu pamaso pa munthu mmodzi,
iwe unabweza anthu zikwi ziwiri
akuyesa kuti nyimbo imathera pamenepo.
Nthawi zina ndimati ndikungodzipepesa,
poti wangayo analibe mawa loti adzamve yotsalayo.

Pepala lija ndikadali nalo.
Lili ndi dontho la mafuta ophikira pa mzere wachiwiri,
ndi zilembo zako zopendekera kumanzere,
pomwe unafufuta "chiwombolo" kawiri usanalembe bwino.
Ndinaliyika m'chikwama cha kuntchito.
Silinatulukemo.

Lamlungu likubwerali tili m'holo momwe muja, thu koloko.
Hita ya kumbuyo inawonongekanso, uvale zofunda.
Kiyibodi yafa kiyi wachitatu.
Ukabwera sindidzatchula za Birmingham.
Ndidzangopitirira kolasi osaima,
n'kugwira chuni pamenepo, pansipansi,
mpaka tione pakamwa poyamba kutseguka,
pako kapena panga.