Chipinda cha Mipando Yothyoka

Kuseri kwa fakitale yathu ku Makata
kuli kachipinda kotayako mipando yothyoka.
Kamanunkha fumbi ndi girisi.
Fani yake inafa chaka cha namondwe uja
ndipo palibe analemba lipoti.

Lachitatu lililonse pa nkhomaliro
Esinta wa ku akaunti amakhala m'menemo
ndi fulasiki ya tiyi ndi makapu awiri,
imodzi yopanda chogwirira.
Si dokotala. Si m'busa.
Malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, ngati angawa.
Lamulo lake ndi limodzi:
zoyankhulidwa muno sizikwera minibasi.

Ndinadutsa pakhomopo miyezi inayi
ndikunamizira kufuna sitepula.

Munthu ungayambire pati?
Kuti belu la shifiti limandilirira kutulo,
kuti ndimadzidzimuka folo koloko mtima ukuthamanga
ngati kondakitala wolimbirana pasenjala pa Wenela,
kuti wakatapila akulidziwa geti lathu
ndi dzina la mlonda lomwe,
kuti abwana akangoti tageti
manja anga amaiwala ntchito ya zaka naini?
Kunyumba ndine bambo. Kutchalitchi ndine msungichuma.
Mwamuna, anatiuza, amalirira m'mimba.

Maliseni naye ankalirira m'mimba.
Pa bawo ankaseka kuposa tonse.
Lolemba tinasonkha ya bokosi,
Lachiwiri makina ake anapatsidwa wina.

Tsiku lomwe ndinalowa kunali chiperoni,
phiri la Ndirande litadzifunda.
Ndinakhala pa mpando wa miyendo itatu
wotsamira khoma.
Esinta sanafunse kanthu. Anathira tiyi,
nazimitsa foni ine ndikuona,
naigoneka chafufumimba pa katoni.
Tinakhala chete mpaka tiyi anazizira.
Kenako pakamwa panga panasefukira
ngati Mudi mvula ikagwa usiku:
matope, mapulasitiki, nsapato yopanda inzake,
zonse.

Sanati limbani mtima.
Sanati ena akuona zoposa zanuzi.
Anati, “Mwazisenza nokha kuyambira liti?”
Ndinawerenga ndi zala. Zala zinatha.

Potuluka anandilembera nambala
kuseri kwa invoisi yakale.
“Pali zina zondiposa msinkhu.
Uyu ndi namwino wa ku Gulupu,
amadziwa za tulo tothawa ndi maganizo olemera.
Mukafuna ndikuperekezani.
Mukapanda kufuna, Lachitatu ndili pompano.”

Sabata yonse ndinayenda makutu ali tcheru:
ku kantini, pa mzere wosainira,
m'minibasi ya ku Chirimba
momwe nkhani za eni zimaperekedwa pamodzi ndi chenje.
Ndinadikira diso lachifundo, chifundo chonyoza chija,
kapena envelopu yochokera ku ofesi ya m'mwamba.
Zii.
Esinta tinakumana pa kolido, anati “Mwaswera?”
monga amanenera kwa wina aliyense,
napitirira ndi mafayilo ake.
Ndinalowa m'chimbudzi, ndinatsegula mpopi
kuti asamve mwamuna wamkulu akulirira kunja.

Sindinama, ngongole ikadalipo.
Tageti aikwezanso mwezi uno.
Kapepala kaja kanakhala m'thumba masabata atatu
ndisanaimbe, ndipo nditaimba ndinadula kawiri.
Koma dzana ndinagona mpaka dzuwa kulowa pa zenera,
mayi a ana anachita kundigwedeza
kuona ngati ndikupuma.

Lero Esinta wapita kusikelo ndi mwana,
wandisiyira fulasiki ndi lamulo lija.
Ndamuona Tsogolani, mnyamata watsopano wopakira katundu,
akudutsa pakhomo pano kachitatu,
ati akufuna sitepula.
Kopakira katundu kulibe pepala ndi limodzi lomwe.

Ndatsuka kapu yopanda chogwirira.
Ndazimitsa foni.
Chitseko ndachisiya chotsegula pang'ono,
mpata wokwana phewa limodzi.